Mbale imene sinaulule kanthu

Okondedwa achemwali,

Muli bwanji kumeneko, inu, alamu ndi ana? Mwendo uja unasiya kutupa? Ine m'thupi ndili bwino, koma mtima ndiye ayi.

Paja ntchito yanga mumaiseka kuti ndimaweta matenda. N'zoona ndithu. Ndimasunga maselo a khansa ya m'mapapo m'timbale, kuwadyetsa, kuwaika pofunda ngati anapiye, kenako n'kuyeza madzi amene akhalamo. Maselowa amataya tizinthu tina m'madzimo, ndipo tikufufuza ngati m'tsogolo muno tizinthu timeneti tingamadzaulule matendawa m'magazi a munthu. M'tsogolo, achemwali, osati lero.

Mwezi watha bambo atabwera kudzandiona ndi chifuwa chawo chija, inu n'kuti mutawapezera kale tsiku lokajambulitsa kuchipatala. Mantha awo mukuwadziwa. Anandinyengerera kuti ndingowayeza ineyo, ati anandiphunzitsiranji ngati sindingawaone magazi. Ine kumva kukoma. Ndinawatenga magazi patebulo la kukhitchini, n'kukawayeza pamakina athu anzanga atapita kukadya. Sindinapeze kanthu. Ndinawauza kuti ali bwinobwino, kenako ndinakuimbirani n'kukunenani kuti mumakonda kuopseza anthu.

Lachiwiri lapitali abwana anatiitana kuti tidzaone mbale ina. Maselo ake ndi khansa yeniyeni, akuswana moopsa, koma madzi ake pamakina anangoti mbee, ngati a pampopi. Anati mitundu ina imatero, imadya munthu mwakachetechete osatulutsa chizindikiro chimene ife timayeza. Anzanga anakondwa kuti apeza cholemba. Ine ndinakadzitsekera m'chimbudzi, magolovesi ndisanavule n'komwe.

Ndili ndi manyazi, achemwali. Munalondola ndinu, ine n'kukusandutsani wabodza pamaso pa bambo.

Dzulo ndinawaimbira kuti ndiulule. Ndisanayambe n'komwe, anandiuza uku akutsokomola kuti anzawo onse akudziwa tsopano kuti mwana wawo anawayeza pamakina, ndipo fodya uja ayambiranso pang'onopang'ono, poti mapapo ndi abwino. Ine ndinangowafunsa za mvula.

Sindikuti ali ndi khansa. Ndikuti sindikudziwa, ndipo tsiku lijanso sindinkadziwa. Chonde pitani nawo akawajambule sabata yomwe ino. Akakana n'kutchula ine, awerengereni kalatayi yonse, osadumpha poti pakundinyozetsa. Kuli bwino asiye kundinyadira ali moyo.

Moni kwa alamu ndi ana. Mulungu akupatseni mphamvu, poti katundu amene ndamanga ine mukasenze ndinu.

Ndine mng'ono wanu,
uja bambo amamutcha adokotala