Mapewa Atha pa Chilumba

Wokondedwa mng'ono wanga,

Ndayamba ndi moni. Kaya muli bwanji kumeneko, iwe, mayi a ana ndi anyamata ako aja? Bondo lija linasiya kukuvuta? Ine ndilipo. Maso okha ndiwo achita chifunga, koma pakamwa ndiye pakadali pabwinobwino. Akundilembera kalatayi ndi mayi a pasitolo, ndipo andichenjeza kale kuti pepala si nyanja, lili ndi pothera.

Kalatayi uwawerengere anyamata ako ali pamodzi. Iwo chilumba chathu amangochimva, ndiye undilole ndiyambire patali.

Anyamata inu, agogo a agogo anu anabwera kuno kudzaphika mchere. Ankati akhala nyengo imodzi yokha, koma bwato lawo linasweka pamiyala, ndipo pomwe ankamaliza kukhoma lina, akazi awo anali atabereka kale. Mudzi unayamba choncho basi.

Kuno ndi mwala wokhawokha. Dothi la m'timinda tathu linabwera m'matumba kuchokera kutsidya, moti mpaka lero munthu potuluka m'dimba la mnzake amasansa kaye mapazi, kuopa kutchedwa mbala. Nyumba zinathithikana mofulatira mphepo, ndipo tinjira take n'topapatiza, timadutsana cham'mbali. N'chifukwa chake akutsidya amatitcha ankhanu. Zitseko sitikhoma. Wakuba angathawire kuti?

Ndife anthu okonda mikangano, bambo anu akuuzani. Koma bwato likangotulukira, ngakhale amene sakulankhulana amagwira chingwe chimodzi. Timayala zipika pansi n'kumalikokera pouma. Wotsogolera amalikalipira bwatolo kuti ndi laulesi, lidzuke, ndipo enafe timavomera kuti lakhuta, lakhuta, uku tikukoka.

Manda ali pamwamba pa phiri, poti ndi pokhapo pamene khasu limalowa. Oyamba aja anayesa kuika munthu mumchenga, nyanja inamufukula. Njira yake ndi chikweza, ngolo singadutse. Maliro onse kuno akhala akukwera pamapewa.

Tsopano ndabwerera kwa iwe, mng'ono wanga. Mapewawo atha. Nsomba zitachepa achinyamata anawoloka, sukulu inatsekedwa, m'kalasi mwako muja mukugona mbuzi. Amuna tatsala ine, Gonthi, a Kalipentala ndi nkhalamba zina zoti utaziona ungagwetse misozi.

Mwezi wathawu tinataya Bakha, wosoka maukonde uja amene unkaba naye mazira a mbalame kuphompho. Ana ake mphepo inawatsekereza kutsidya, ndipo thupi silikanadikira. Tinasenza bokosi, koma tisanapitirire pachitsime miyendo ya a Kalipentala inalefuka, tinatula pansi. Tinayang'anana. Kenaka wina anakatenga zipika ndi chingwe cha bwato.

Tinamukoka, m'bale wanga. Amayi ankachotsa chipika kumbuyo n'kukachiika kutsogolo. Pokwera penipeni paja bokosi linakana kusuntha. Apo Gonthi, amene samva ngakhale zotuluka pakamwa pake, anafuula monga wachitira moyo wake wonse, kuti waulesi iwe dzuka. Ifenso pakamwa panangotseguka pokha, tinavomera kuti wakhuta, wakhuta. Bokosi linasunthadi. Mkazi wa malemu anakhala pansi panjira pomwepo n'kudziphimba kumutu. Mpaka tinafika pamwamba, panalibe woyang'ana mnzake kumaso.

Zonsezi mlamu wako ankaziona pawindo. Wakhala chigonere kwa nthawi tsopano, miyendo yatupa, mpweya ukumuchepera. Namwino amene amabwera pa boti anati mtima watopa, awoloke akagonekedwe. Iye anakana. Akuti owolokera kuchipatala amaikidwa komweko pakati pa alendo, pomwe ana athu onse awiri ali kale paphiri pano.

Nditabwerako kumanda anandifunsa ngati Bakha anali wolemera. Ndinayesa nthabwala, ndinati munthu uja ankadya za anthu awiri. Sanaseke. Anati iye chikwatiwire wasenza madzi, nsomba, dothi ndi ana pachilumba pano, ndipo sanapemphepo munthu kuti amunyamule. Akupempha ulendo umodzi wokhawo.

Kuyambira tsiku limenelo akudya ngati kambalame. Ine ndinkayesa ndi matenda, mpaka dzana nditamukakamiza anandiuza zoona. Akuti akudzipepukitsa, kuti tinkhalamba tatsalafe tidzathe kumusenza.

Ine wolongolola uja, amene ndinkakugoneka ndi nkhani zabodza za nsomba zazikulu ngati nyumba, ndinangotola mbale yake ya chakudya. Ndinatuluka ndi mbale ija n'kukaima kuseri kwa nyumba.

Ndiye pempho langa nali. Mankhwala ndili nawo, zofunda zilipo. Ndikupempha mapewa a ana ako. Ndikudziwa ali pantchito, ndipo bwana sapereka tchuthi chifukwa cha munthu amene akupumabe. Ndikudziwanso kuti iwe ndi ine sitinalemberane kwa zaka zambiri, ndipo sindikufunsa kuti anayamba kukhala chete ndani.

Anyamata inu, mayi anu aakuluwa ndi amene analera bambo anu agogo atamwalira. Ankawachotsera minga m'nsomba mpaka atamera ndevu. Afunseni, akakana ndiye kuti akunama.

Usadikire kuti zonse zilongosoke, mng'ono wanga. Boti likubweranso sabata yamawa. Utumize yankho, ngakhale mizere iwiri, lonena kuti anyamata adzabwera nthawi ikadalipo, asadzatsekerezedwe ngati ana a Bakha. Uwatchule mayina mmodzimmodzi, unenenso kuti ndi zimphona, ngakhale atakhala owonda ngati iwe. Mayi a pasitolo adzamuwerengera mlamu wakoyu pafupi ndi khutu. Mwina akamva adzalandira mbale.

Mulungu akusungeni nonse, akupatseni mphamvu pantchito zanu. Upereke moni kwa mlamu wanga, kwa apongozi ndi kwa adzukulu amene sindinawaonepo. Wodwalayu sakudziwa kuti ndakulembera. Akanadziwa akanakupatsa moni, kenaka n'kundikalipira kuti ndikuvutitsa ana.

Uyankhe msanga. M'mawa uno ndinamutembenuza pabedi ndekha, osavutika n'komwe.

Ndine mkulu wako,
Wolongolola wa kuchilumba