Bawuti ya Kumanzere

Loweruka, Newcastle. Kunja kwazizira, koma mtima uli m'malo.

Nditaweruka kuchipatala ndinapita kwa mmisiri amene akundipangira mfuti yosakira agwape, ya mtundu wamphamvu wa maginamu, koma yopepuka yoti ndizikwera nayo mapiri popanda wefuwefu. Lero kunali kusankha bawuti, chitsulo chokankhira chipolopolo mumfuti. Anandiyalira ziwiri: ya titaniyamu, yopepuka ngati supuni koma yokokera ndi dzanja lamanja, ndi ya chitsulo wamba, yolemererapo, ya kumanzere.

Ndinatola ya kumanja osaganiza n'komwe. Mkuluyo anandiyang'ana nati, "Chitseko mwatsegula ndi lamanzere, kapu mwanyamula ndi lamanzere. Mukuopa ndani?"

Ndinaseka, koma zinandilasa. Dzanja limeneli amayi ankalimenya ndikapisa nalo m'mbale, aphunzitsi ankalikwapula ndi rula. Komatu maginamu imakankha phewa, ndipo ukalasa molakwika, gwape wovulala sadikira kuti usinthe manja.

Ndasankha ya kumanzere. Kulemerako sikundiopsa, ndimatembenuza odwala tsiku lililonse.

Nditamufotokozera mkazi wanga, anangoti, "Apongozi anga mukawauze nokha."

Ndidzawauza akadzabwera kudzationa, nyama ya gwape ili m'mbale, ine ndikudya ndi lamanja.