Bambo Sakunyamulanso Khasu Paphewa

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno kwa Mlolo tonse tadzuka, koma bambo akutidetsa nkhawa.

Pafoni munatumiza ija anaonera filimu ya msilikali woyendetsa kandege kopanda munthu, iye atakhala mu ofesi. Msilikaliyo anaona munthu atanyamula chinthu paphewa, osadziwa ngati ndi mfuti kapena khasu. Anazengereza, kenako anamuphulitsa.

Lachitatu masana, kandege ka ojambula madzi osefukira kanaima pamwamba pa dimba lathu, kakulira ngati njuchi. Bambo anatula khasu pang'onopang'ono n'kukweza manja.

Ndinati, "Akungojambula madzi, baba."

Anandinong'oneza kuti, "Usagwedezeke, mwananga. Munthuyo akadaganiza."

Chiyambire tsikulo, khasu amachita kulikoka pansi. Chonde muwaimbire, inu amakumverani.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Esinati