Khoko la Nambala 23

Lolemba, 2 Seputembala

Mvula kuyambira m'mawa. Aslaug, mkazi wa malemu Torleif, wabweretsa zipangizo za mwamuna wake zodzazira zipolopolo. Makatoni 5. Makina othinira, sikelo, zitini 3 za wonga, makoko a zipolopolo 412. Akuti, "Tenga iwe, Oddvar. Ine ndiziphika?" Miyezi 4 ndi masiku 11 chimuikireni m'manda mnzangayo.

Kachipinda kanga: masentimita 190 m'litali, 120 m'lifupi. Muli kale makina anga, kabati ya mfuti, mpando. Khoma lakumpoto ladzaza ndi nyanga za mphalapala yanga ya 1994, masentimita 118. Mkazi wanga Gunvor, manja m'chiuno: "Chosalowa mmenemo chikupita kudzala. Pabalaza panga si nkhokwe." Wandipatsa mpaka pa 25, tsiku loyamba la uzimba. Masiku 23.

Lachitatu, 4 Seputembala

Ndayeza katatu. Makina a Torleif akufuna masentimita 40, chogwirira chake 70 kuti chitsike bwino. Pamodzi 110. Pathebulo ndili ndi 26.

Wonga pansi, kutali ndi mbaula, uliwonse m'chitini chake. Makoko m'zigubu za ayisikilimu, kunsi kwa thebulo. Lililonse lili ndi timadontho tofiira, dontho limodzi kudzaza kumodzi. Utoto wa zikhadabo! Wa Aslaug ndithu. Zaka 40 tikusaka limodzi, sanandiuzepo. Ndaseka ndekha. Kenako sindinasekenso.

Lachinayi, 5 Seputembala

Pansi pa katoni yachisanu, kabokosi ka chokoleti. Makoko 23 opanda madontho, lililonse ndi kapepala kokulunga m'kati. Chimenechi ndimachidziwa: khoko logwetsa mphalapala Torleif sankalidzazanso.

Koma kope langa, lomwe ndalemba kuyambira 1979, likuti Torleif anagwetsa 22. Ndawerenga kanayi. 23. Ine sindiphonya tsiku. Iyenso sankaphonya. Nanga imodziyi inafera kuti?

Lamlungu, 8 Seputembala

Titamwa khofi ndayala timapepala pathebulo, kope pambali. Masiku 22 olembedwa pa timapepala agwirizana ndi a m'kope. Kotsalako: Loweruka, 8 Okutobala 1994, dambo la kuseri kwa macheka akale a matabwa.

Tsiku langa limenelo.

Tinawombera tonse awiri, ngati mfuti imodzi. Iye anagwetsa chipewa pansi n'kukuwa, "Ndaphonya, galu iwe! Wandilanda nkhalamba yanga!" Anasenda ndi iye. Ine anandituma kukayitana anzathu. Nyanga n'za wogwetsa, ndiye anandipatsa. Kuyambira tsikulo gulu lonse limanditchula Chinyanga.

M'kapepalamo munakulungidwanso mtovu wa chipolopolo wophwanyika, wofutukuka ngati bowa. Wochotsedwa m'nyama.

Lachiwiri, 10 Seputembala

Mtovu uja sindinauyeze. Ndapenta shelefu yomwe sinkafuna penti. Gunvor: "Ukudwala? Tchizi wasiya m'mbale, iwe amene umanyambita ndi mpeni womwe."

Lachinayi, 12 Seputembala

Ndauyeza. Pa sikelo yanga, kenako pa ya Torleif.

Magalamu 10.9.

Mtovu wa mfuti yanga umalemera 10.1 usanawombedwe. Wa Torleif 11.7. Mtovu ukalowa m'nyama umaperepeseka, sunenepa.

Chodabwitsa, mtima sunapse. Ndikungofuna kudziwa. Wanga unapita kuti? Mwina ukadali mu mtengo wina kudamboko, zaka 25. Ndipo munthu wofuna kubisa chinthu amasungiranji umboni wake m'bokosi la chokoleti, n'kulembapo tsiku? Yankho ndikulidziwa. Inenso sindikanatha kutaya nambala.

Loweruka, 14 Seputembala

Kwa Aslaug. Makilomita 17. Ndaika mtovu pambale ya makeke. Sanaugwire n'komwe. Akuti, "Wachedwatu. Iye ankati uzindikira chaka chomwecho, mmene umakondera kuwerenga zinthu."

Wandikumbutsa. Zaka 15 ndinali ndisanagwetse ngakhale kamwana. Lachisanu lake ndinali nditanena kuti mfuti ndigulitsa. Torleif anafika kunyumba n'kumuuza, "Akasiya Oddvar, ndani azindiwerengera masiku? Ndani azibweretsa khofi woipa uja?"

Khofi wanga si woipa.

Pobwerera ndaima pambali pa msewu ndi kope. Pambuyo pa 1994 ndagwetsa 9. Pa 7 Torleif anali kuphiri lina. Pa 2 anali pambali panga. Makoko ake a masiku amenewo mulibe m'bokosi. Ndafufuza kawiri. Ndi zanga.

Lolemba, 16 Seputembala

Ndatsitsa nyanga. Misomali 4. Khoma latsala ndi chithunzi chake choyera. Ndakhoma thabwa la masentimita 120. Makina a Torleif alowa, chogwirira chikutsika mpaka pansi, atsala 10. M'masentimita 10 amenewo kabokosi ka chokoleti. Makatoni onse atha, masiku 9 nthawi isanakwane. Gunvor wasuzumira, wayang'ana khoma, wandiyang'ana ine. Wabweretsa khofi.

Lachiwiri, 17 Seputembala

Nyanga ndapita nazo kwa mwini wake. Aslaug watsekereza khomo ndi tsache: "Zaka 25 ndikuthokoza Mulungu kuti zimenezi akupukuta fumbi ndi Gunvor. Bwerera nazo!"

Zili m'galimoto, pampando wakumbuyo. Ndazimanga lamba.

Lachiwiri, 24 Seputembala

Kwacha kozizira, madigiri 2. Zipolopolo 20 ndadzaza pa makina a Torleif. Amalira pang'ono pokwera, sindithira mafuta.

Kope ndakonza ndi inki. Torleif 23. Oddvar 9.

Mawa gulu likumana pa macheka akale 6 koloko, anthu 11. Woyamba kukuwa "Chinyanga wafika!" adzakhala Sverre, monga chaka chilichonse. Nyanga zikadali m'galimoto, aziona ndithu. Mtovu uli m'thumba la jekete, sikelo m'chikwama, poti Sverre sakhulupirira chinthu osachiyeza yekha.

Powauza, ndiyambe ndi tsiku, kapena ndi magalamu?