Kagwape Kathawa Abambo

Achimwene,

Ndikhulupirira mukudzuka bwino ku Joniko. Kuno ku Santhe tili bwino, chifuwa cha amayi chija chatha.

Mukukumbukira kagwape kamene abambo anakawonjola pamsampha m'munda wa fodya? Ankakamwetsa mkaka wa mbuzi mpaka a zanyama anadzakatenga. Loweruka tinakakaona kumalo osungirako nyama ku Lilongwe. Bala lapola, koma abambo atakaitana, kanathawira m'zitsamba osacheuka.

"Kandiiwala," anadandaula.

Mayi wokasamalira anati, "Timakadyetsa mobisala, bambo, kuti kaziopa anthu. Gwape wozolowera munthu amathera mumphika."

Tili m'basi pobwerera ndi pamene abambo anati, "Kazithawa ndithu."

Muziwaimbirako foni, achimwene. Inu si gwape ayi.

Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Esinati