Mathirakitala Asanu ndi Awiri mu Julaye

Lilongwe,
4 Ogasiti 2024

Achimwene a Dickson,

Landirani moni, ngakhale mtima wanga sumafuna kuyamba ndi moni. Muli bwanji kumeneko? Nanga mwendo wa amayi uja ukuti bwanji ndi chiperoni chimenechi? Ine m'thupi ndili bwino. Ndalemba papepala ngati anthu akale chifukwa foni yanga simukuyankha, sabata yachiwiri tsopano. Kalatayi ndapatsira a Benard oyendetsa lole aja, ndipo ndawauza akupatseni m'manja, kuti musadzanamizire netiweki.

Chimene ndikulembera mukuchidziwa, koma ndiyambira pachiyambi, poti inu munangomva mbali ya pafoni yokha.

Lachisanu lija makompyuta anazima m'maiko ambiri nthawi imodzi. Kampani ina yakunja inatumiza zokonzera pulogalamu yake, zokonzerazo n'kukhala zolakwika. Ndege zinaima, zipatala zina zinabwerera ku mapepala. Kunyuzipepala kwathu kuno akonzi awiri anayamba kukangana tiyi wam'mawa asanazizire n'komwe.

Mayi Maud, amene amayang'anira nkhani za tsiku ndi tsiku, ankafuna nkhaniyo patsamba loyamba. Ankati dziko lonse likukamba zomwezo, ndipo Amalawi si ana oti tiziwabisira za kunja. Bambo Stafford, mkonzi wamkulu, anakana. Anafunsa kuti mwa anthu ogula nyuzipepala yathu padepoti, ndi angati amene ndege yawasiya ku Ulaya. Anatinso zonse zimene tinali nazo zinali zotola ku mawayilesi akunja ndi pa Fesibuku, panalibe ngakhale chimodzi chimene mtolankhani wathu anachiona. Anakokanakokana mpaka masana. Pomaliza anagwirizana kuti nkhaniyo ikwera patsamba loyamba pokhapokha titapeza malo a m'Malawi muno amene akhudzidwa, ndipo anthu awiri osiyana atsimikize.

Tinaimba kumabanki, tinaimba kubwalo la ndege. Ena sanayankhe, ena anati tifunsenso Lolemba. Ndipamene ndinakumbuka kuti ine ndili ndi mchimwene, kalaliki wa pafakitale ya tiyi ku Thyolo, munthu wokhala pakompyuta tsiku lonse.

Tsiku limenelo foni munayankha msanga. Ndinangofunsa ngati kompyuta yanu ikugwira ntchito, inu n'kuyambapo. Munati yazima, ikungoonetsa mtundu wa buluu. Munati sikelo ya pageti yaima, mathirakitala asanu ndi awiri odzaza masamba andanda mpaka pamlatho, masamba ayamba kupsa m'matileyala, mabwana akungothamanga uku ndi uku. Ndinakufunsani kawiri ngati mukuziona ndi maso anu. Munaseka, n'kundifunsa kuti ndayamba liti kukayikira akulu anga.

Ndinathamangira kwa akonzi ndili wefuwefu. Bambo Stafford anamvetsera, kenaka anafunsa za munthu wachiwiri. Achimwene, ndinapsa mtima chifukwa cha inu. Ndinawayankha pamaso pa anthu onse kuti amene wandiuzayo ndi munthu amene ankandibereka kumbuyo powoloka mtsinje popita kusukulu, ndipo kwathu mawu a mkulu sitiwafunira mboni. Iwo sanakweze mawu. Anangoti nyuzipepala ilibe mchimwene.

Mayi Maud anaima mbali yanga. Anaimba kuofesi ya esiteti, foni n'kungolira popanda woyankha, ndipo tonse tinati basi, umboni ndi womwewo, zinthu zasokonekeradi kumeneko. Nthawi yosindikiza inali itayandikira. Bambo Stafford anagonja monyinyirika. Loweruka dzina langa linatuluka patsamba loyamba, koyamba chiyambireni ntchito zaka zinayi zapitazo.

Lolemba m'mawa manijala wa esiteti yanu anaimba. Anati fakitale anaitseka kumayambiriro kwa mwezi kuti akonze makina, monga amachitira chaka chilichonse, ndipo anthu ali m'minda kudulira tiyi. Thirakitala ya masamba panalibe ngakhale imodzi. Foni ya kuofesi sinayankhidwe chifukwa mayi wa pafoniyo anali kumaliro.

Julaye, achimwene! Ine wobadwira m'layini, m'nyumba za antchito a paesiteti, amene ndinakula ndikuona malemu bambo akunola mpeni wodulira mwezi umenewu, amayi dengu lawo atalipachika kudenga poti kotchola n'kochepa. Mathirakitala asanu ndi awiri mu Julaye akanawadzaza ndi chiyani? Bambo Stafford kwawo ndi ku Rumphi, tiyi amangomudziwa wa m'kapu, koma ndi iwo amene anafunsa. Ine mwana wa m'tiyi sindinafunse, chifukwa wolankhula munali inu. Ndikakumbuka zimenezi mkwiyo wanga umagawika pawiri, koma musasangalale, gawo lalikulu ndi lanu.

Mutasiya kuyankha foni ndinaimbira alamu a Lizzie. Anazengereza, koma anandiuza. Lachisanu limenelo kuntchito munatsanzika kuti mukupita kuchipatala ndi malungo, pamene munali ku Goliati kukaona dimba lanu la tomato. Za makompyuta munazimva pawayilesi ya m'minibasi. Ine nditaimba, munachita manyazi kunena kuti simuli pantchito, kuopa kuti ndiuza amayi. Mukanangoti simuli kuofesi, ndikanadula foni n'kuimbira wina. Mawu awiri okha. Koma inu munasankha kundimangira mzere wa mathirakitala mpaka pamlatho, n'kuwawerenga komwe.

Tsopano imvani zimene zinatsatira, chifukwa apa ndi pamene nkhaniyi ikukhudza nyumba imene mukugonamo.

Manijala anafuna dzina la wantchito amene anatiuza bodzalo. Mwayi wanu ndi woti ine ndimalembera dzina la kubanja kwa a Elijah amuna anga, ndiye sanathe kulumikiza. Akonzi anakhalanso pansi. Mayi Maud, omwe aja anandiikira kumbuyo Lachisanu, anatembenuka. Anati munthu wonama sayenera kutetezedwa, tipereke dzina kuti nyuzipepala isambe m'manja, ndipo ine ndingolandira chenjezo lapakamwa. Bambo Stafford, amene ndinawachita chipongwe pagulu, ndi amene anakana kundikakamiza. Anati munthu akalankhula nafe mobisa dzina sitimupereka kwa bwana wake, ngakhale atanama, chifukwa udindo wofufuza unali wathu. Koma anandiuzanso mosapita m'mbali kuti dzina likapanda kuperekedwa, mlandu wonse ugwera wolemba nkhani. Anandisiya kuti ndisankhe ndekha.

Ndinaganiza za nyumba ya m'layini ija. Si yathu, ndi ya ntchito yanu. Ntchito ikatha amakupatsani masiku owerengeka, katundu panja. Ndinaona amayi ndi mwendo wawo uja atakhala pamtolo wa zovala m'mbali mwa msewu, akudikira matola opita ku Changata kumene ngakhale khoma sitinamange. Dzina lanu sindinapereke.

Musaganize kuti ndinachitira inu.

Lachitatu nyuzipepala inatulutsa chipepeso, dzina langa lili pomwepo. Ndalandira kalata yochenjeza komaliza. Andichotsa kotola nkhani kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo panopa ntchito yanga ndi kutaipa zilengezo za maliro ndi za ziliza. Anzanga ndikamadutsa amalira ngati thirakitala. Ndimaseka nawo, nditani nanga, koma kubafa ndalirako kawiri. Bambo Stafford sananditchulirepo za chipongwe chija, ndipo zimenezo zikundiwawa kuposa akanandikalipira.

Pempho langa ndi limodzi. Alamu andiuza kuti munagula nyuzipepala ya Loweruka ija, inu amene, n'kukawapatsa amayi. Akuti aimata pakhoma pafupi ndi chithunzi cha malemu bambo, ndipo aliyense wolowa m'nyumba akumuonetsa dzina la mwana wawo. Chizungu sawerenga, amangodziwa pamene pali dzinalo. Munaima bwanji pamenepo iwo akumata? Munawagwirira mpando?

Lachinayi likudzali amayi a mvano akumana kwathuko, ndipo mukudziwa bwino kuti mkazi wa kapitawo wamkulu ali m'gulu limenelo. Iye amawerenga. Akangoona dzina la esiteti papepalalo, amayi n'kunena monyadira kuti wolemba ndi mlongo wake wa Dickson, Lachisanu manijala adzakhala atadziwa zonse. Ndiye kuti ine ndatayira dzina langa pachabe.

Pepalalo lichoke Lachinayi lisanafike. Koma musalichotse mobisa n'kunamizira chiswe kapena ana, ndikukudziwani. Mulichotse masana, amayi ali pomwepo, ndipo muwauze ndi pakamwa panu kuti zolembedwazo ndi zabodza, bodzalo ndi lanu, ndi kumene munali tsiku limenelo. Ine sindiwauza. Ndasenza kale mbali yanga, iyi ndi yanu. Adzalira, adzakutukwanani m'Chilomwe monga amachitira zikawafika pamtima, ndipo mudzakhala pansi n'kumva mpaka atamaliza.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti kalongonda anatumiza uja tinalandira. Moni kwa alamu a Lizzie, ndipo musawakalipire, iwo ndi okhawo anandiuza zoona m'nyumba mwanumo. Moni kwa amalume ku Mphuka, kwa azakhali, ndi kwa mwana wanu Lisa, amene ndikumva kuti akufuna kudzakhala mtolankhani. A Elijah akuti ndikupatseni moni. Ndalemba chifukwa andituma.

Mukamaliza ndi amayi mundiimbire, ndidzayankha. Koma alamu akhalepo pochotsa pepalalo, ndipo adzandiimbire paokha. Kuyambira lero, achimwene, nkhani yochokera kwa inu sindiilandira popanda munthu wachiwiri.

Ndine mlongo wanu, poti ubale sufufutika,

Tamanda