Nsalu Imakumbuka Mwini Wake

Lolemba, 4 Malichi

Malume ndi amene anayamba kundiuza izi, ndikadali ndi mano onse. Ankati, "Mphwanga, nsalu yakale sakoka, amainyengerera. Imakumbuka mwini wake." Lero ndawakumbuka.

Mipando iwiri yofanana ngati mapasa. Wabwera nayo mayi wina, mwana wa aphunzitsi ena opuma pantchito. Nsalu yobiriwira ya timasamba, yosapezekanso m'sitolo. Matabwa akadali ndi moyo. Koma siponji gwa! Ukakanda, ufa wachikasu waa pansi.

Lamulo lake limodzi: siponji isinthidwe, nsalu ikhale yomweyo. Bambo ake maso anafa chaka chatha, mpando wawo amaudziwa ndi manja. Ali kuchipatala, atuluka Lachisanu. Mpando winawo ndi wa mayi ake. Zaka makumi anayi mipando yomweyi.

Ndavomera. Siponji yakwera mtengo, phindu lochepa. Komabe ntchito yokoma.

Lachiwiri, 5 Malichi

Tsiku lozula timisomali. Mazanamazana, tadzimbiri, kamodzikamodzi ndi pulayala. Kansalu osang'ambika ngakhale pang'ono. Manja akadalipo, mdala iwe!

Ometa a khomo loyandikana analowa ndi kapu yawo ya tiyi. Anangoti, "Achimwene, ija ya mbuzi ya apongozi anu inatha bwanji?" Basi, anatsegula mpopi. Ndinaiyamba poyambira penipeni, mbuzi isanabadwe. Iwo kuseka mpaka kutsamwa. Ine manja akuzula, pakamwa pakuyenda.

Nsalu zonse ziwiri ndapinda, zili pa shelefu. Fumbi la siponji m'mphuno, m'ndevu. Akazi anga akuti ndafanana ndi mwanapiye. Iwowa ndi amene anandiphunzitsa kulemba titakula kale, ndiye amanena zimene afuna.

Lachinayi, 7 Malichi

Dzulo sindinalembe. Manyazi.

Choko! Malume asanazule msomali ankayamba alemba kuseri kwa nsalu ndi pathabwa, kuti iliyonse ibwerere kwawo. Ine zaka zonsezi chimodzimodzi. Lachiwiri choko chinagona m'thumba, ine ndili pambuyo pa mbuzi.

Dzulo ndinadula siponji yatsopano bwinobwino, guluu, thonje pamwamba. Ndinatenga nsalu yapamwamba pa shelefu, ndikuti zonse n'zofanana. Inakana. Kumanzere yotayirira ngati malaya obwereka, kumanja yothina. Ndinakoka. Ine amene, kukoka! Kwee. Kung'ambika kutalika ngati chala, m'mphepete mwapansi.

Akazi anga atabweretsa chakudya anayang'ana pong'ambikapo. Kenako: "Bambo, pakamwa panupa mukanamalipira lendi bwenzi mutasamuka." Ndinalumbira kutseka pakamwa sabata yonse. Koyamba chikwatirane.

Anakhala pansi, magalasi pamphuno, n'kusolola ulusi mumpendero wa nsalu yomweyo. Kusoka mpaka dzuwa kupendeka. Chilonda sichikuoneka, ngakhale chala sichikuchimva. Mutu umodzi susenza denga, zoona.

Lero m'mawa ndinachotsa siponji n'kuyala nsalu pamatabwa opanda kanthu, kufananiza tizibowo ta misomali. Bowo pa bowo. Ndinali nditasinthanitsadi. Ya aphunzitsi ili ndi kachigamba poika mkono, kosoka pamanja.

Koma nachi chimene ndaona. Ya bambo inatanuka chakumanzere. Ya mayi chakumanja. Ndinaimika mipando moyandikana n'kuiyang'anitsitsa. Anthu awa zaka makumi anayi akupendekerana! Siponji yowongoka nsalu izi siziifuna.

Ndatenga mpeni wa buledi, ndasema siponji, kutsitsa pang'ono mbali imene aliyense ankatsamira. Nsalu yalowa yokha ngati phazi mu nsapato yakale. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ometa anasuzumira pakhomo, ndawaonetsa hamala.

Lachisanu, 8 Malichi

Yatha. Timisomali tatsopano m'mabowo akale. Chiguduli chatsopano kunsi. Ndakhalapo pang'ono, mwakuba. Ha! Ngati pamiyendo pa mayi.

Mwana wa aphunzitsi anabwera ndi kagalimoto masana. Za kung'ambika ndamuuza, ndamuonetsa malo ake. Anafufuza osapapeza. Za kupendekerana ndimati ndimuuze, koma ndinalumbira kuti sabata ino pakamwa ndatseka. Anapita.

Mtima mbee. Akazi anga ndawagulira ulusi wamitundu isanu.

Loweruka, 9 Malichi

Ndisanatsegule n'komwe, mwana wa aphunzitsi uja ali pakhomo, nkhope yakugwa. Akuti bambo anakhalapo dzulo n'kudzuka. Akuti nsalu ndi yawo, chigamba ndi chawo, koma mpando si wawo.

Ndinakwera galimoto yake. Njira yonse kuganiza za chilonda chija.

Pabalaza pawo paudongo. Wailesi pakona, makatani oyera. Aphunzitsi ali chiimire pakhomo la kuchipinda, ndodo m'manja, akazi awo atawagwira mkono. Ndinayang'ana mipando. Ndinaseka, Mulungu andikhululukire. Mwana anaiika mosemphana! Wa bambo ukupendekera kukhoma, wa mayi kuwindo. Ngati banja lokangana.

Ndinainyamula, uwu uku, uwo uko. Msana kudandaula, ine osaumvera.

Aphunzitsi anakhala pang'onopang'ono. Dzanja pachigamba. Thupi lokha n'kupendekera kumanzere. Chigongono gu, pa chigongono cha mayi.

Mayiwo anati, "Mwayambanso kundigunda, bambo ake mwana?"

Iwo anati, "Eya. Tsopano ndafika."

Kenako anandifunsa kuti ndinadziwa bwanji. Lumbiro lija linathera pomwepo. Ndinakoka kampando, ndinayamba poyambira penipeni, pa malume. Mwana wawo anapita kukateleka tiyi, ine ndisanafike n'komwe pa mbuzi.